Sakumana ndi Mapiri, Ankatero Agogo

Agogo anga a ku Dedza akamatsanzikana ndi munthu amene wawabwereka ndalama, ankamugwira dzanja nthawi yaitali n'kunena kuti, "Muyende bwino, sakumana ndi mapiri." Wanzeru ankamva yekha kuti ndalama ija ibwerere, pakuti phiri la Dedza silidzapita kukacheza kwa la Mulanje, koma wangongole ndi mwini ndalama tsiku lina adzapezana kuchigayo. Mwambiwu ndinakula nawo ngati lemba. Amene wandisokoneza ndi mwana wanga wamkazi wa Fomu 1 kuno ku Bolero, kwawo kwa amayi ake, kumene ine ndinabwera ndi ntchito n'kukhaliratu.

Aphunzitsi awo anawauza kuti aliyense asankhe dziko lakutali n'kulifanizira ndi kwathu kuno. Anyamata anathamangira ku England chifukwa cha mpira, ena ku Joni poti kuli achimwene awo. Wanga anatola Bolivia. Nditamufunsa chifukwa chake, anati pamapu dzinalo likuyamba ngati Bolero. Ndinaseka. M'mawa mwake anabwera ndi nkhani yoti m'Chisipanishi, chinenero chachikulu cha kumeneko, muli mawu oti bolero, ndipo ndi dzina la gule. Apongozi anga, amene mwambo wa Gonapamuhanya sauphonya, anayamba aika kapu ya tiyi pansi. Dzina la kumpando kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe, anthu n'kumavinira? Anagamula pomwepo kuti Asipanishi ndiwo anabwereka dzinalo, ndipo mlandu unathera pamenepo.

Kuyambira tsikulo foni yanga inasanduka ya boma, aliyense ndi dzanja lake. Madzulo aliwonse mwana ankaitenga n'kumatiwerengera. "Adada, dziko limeneli lilibe nyanja yamchere, ngati ife." Iwo anali nayo, koma inapita pankhondo yolimbana ndi Chile imene inayamba mu 1879. Chodabwitsa n'chakuti asilikali apamadzi akadali nawo, amayendetsa maboti pa nyanja ya Titicaca imene amagawana ndi Peru, ndipo pa 23 Marichi chaka chilichonse amakumbukira gombe lawo lotayikalo. Ine ndinawamvetsa. Kulira chinthu chimene unali nacho kuli ndi ulemu wake. Ife amene sitinakhalepo ndi doko la kunyanja yamchere timangolirira pamzere wa petulo, tikudikira thanki yochokera ku Dar es Salaam kapena ku Beira. Za nyanja yogawana ndi mnansi ndinamuuza mwana kuti asalembe zambiri, nkhani imeneyo kuno ili ndi eni ake.

Tinakangana kwambiri pa za kutalika. Anthu a ku Rumphi amanyadira mapiri awo, ndipo m'pomveka. Nganda, nsonga ya Nyika, imapitirira pang'ono mamita 2,600. Sapitwa wa ku Mulanje, amene timamutchula monong'ona, ndi mamita 3,002. Tsono mwana akuti La Paz, kumene kuli boma la Bolivia, ili pamamita pafupifupi 3,600. Ndiye kuti pamwamba pa Sapitwa muwonjezepo kaphiri kena, pamenepo n'pamene anzathu ali ndi msika, maminibasi ndi makhoti. Kumeneko mpweya ndi wochepa moti madzi amawira asanafike madigiri 90, ndipo nyemba zimachedwa kupsa. Amayi a m'nyumba, amene nkhani yonseyi ankaimvera ali kukhitchini, anangofunsa funso limodzi: nkhuni amazitenga kuti?

Ine chinandikoka ndi mpira. Mu 2009 Argentina inapita ku La Paz ili ndi Messi m'bwalo ndi Maradona pabenchi, n'kukathiridwa zigoli 6 kwa 1, osewera ake ali wefuwefu ngati akwera Golodi wapansi kuchokera ku Chitimba. FIFA inayesapo mu 2007 kuletsa masewero pamalo opitirira mamita 2,500, koma chiletsocho sichinakhalitse. Apa ndinaona mwayi wa fuko lathu. Bwanji osamanga bwalo la Flames pa Nyika, alendo azibwera kudzakomoka, mbidzi zikuonerera ulere? Apongozi anandikumbutsa kuti anyamata athu omwe amakhala ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndiye oyamba kukomoka angakhale athu omwe. Maganizo anga anafera pamkeka.

Zonsezi ndinazipirira. Chimene chinandibaya ndi kachewere.

Ine ndine wa ku Dedza. Kwathu mbatata imeneyi ndi dzina lathu, ndipo ndikadutsa pachiwaya pa Rumphi boma ndimafunsa wokazinga tchipisi kumene waigula, kuti amve kuti akulankhula ndi mwini. M'tauni amaitcha airishi, ngati inachokera ku Ireland. Mwana anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti, "Adada, si yanu, si ya azungu." Kwawo kwenikweni ndi ku mapiri a Andes, cha kufupi ndi Titicaca komweko, kumene anthu anayamba kuilima zaka zikwizikwi zapitazo, ndipo kuli mitundu yoposa 4,000, yofiira, yachikasu, yakuda, ina yopindika ngati chala. Ife tikadziwa mitundu itatu timadzitcha akatswiri. Asipanishi ndiwo anainyamula kupita nayo ku Ulaya, kenako inafika kuno itasintha dzina panjira, monga amachitira ena akapita ku Joni. Anzathuwo amaiyala panja usiku kuti chisanu chiiumitse, masana n'kuiponda ndi mapazi kuti madzi atuluke, ikauma amaitcha chuño ndipo imakhala zaka osawola. Ife chisanu cha Juni timangochitukwana.

Ndikuganiza kuti zathera pomwepo, anawonjezera mtedza. Nawonso akuti unayambira cha kummwera kwa Bolivia. Nsinjiro zimene agogo ankati ndi mwambo wa makolo! Kenako mbira, timbira toweta tija timalira kuseri kwa mafuwa kwa apongozi. Kwawo n'ku Andes, ndipo kumeneko amadya ngati ife, mwina kutiposa. Usiku umenewo ndinayang'ana m'mbale: tchipisi, chigwada chotendera, ndipo pakona kambira kakundiyang'ana. Mapiri amene agogo ankati sakumana anali atakumana kalekale mumphika mwawo momwe, iwo akuvundula ndi mthiko osadziwa.

Panali madzulo amodzi pamene sitinaseke kwenikweni. Mwana anawerenga kuti ana ambiri a kumapiri a Bolivia kunyumba amalankhula Aymara kapena Quechua, akafika kusukulu n'kupeza Chisipanishi chikuwadikira. "Ngati ife," anatero, "kunyumba Chitumbuka, m'kalasi Chichewa, mayeso m'Chingerezi." Anawonjezera kuti malamulo a dzikolo a mu 2009 anavomereza zinenero 36 za eni nthaka kukhala za boma pamodzi ndi Chisipanishi. Apongozi anatsokomola n'kuyamba kukumbutsa za 1968, pamene Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo ankayang'ana ine ngati ndine ndinasaina. Mkamwini wa Chichewa pabwalo la Atumbuka amadziwa nthawi yopita kukaona ngati mbuzi zalowa m'khola.

Ntchito ija anapereka, ndipo aphunzitsi anamuyamikira. Koma anamufunsa funso limodzi limene linamugwetsa: pa Chelinda, pa Nyika pompa, pamaoneka bwanji? Mwana amene amadziwa kuti ku La Paz anthu amapita kuntchito m'timabokosi tolendewera pa waya kuyambira 2014, amene angakujambulireni phiri la Illimani ndi chipale chake pamwamba, sanapondepo pa Nyika, phiri limene amaliona akamatsuka mbale. Livingstonia ndi mathithi a Manchewe anangozimva kwa anzake. Bandulo ya sabata ndi yotsika mtengo kuposa galimoto yopita kuphiri la kuseri kwa nyumba.

Ndinamulonjeza kuti patchuthi tikwera. Ndalama yake ndinali nditaiwerengera kale: pali mkulu wina amene anandibwereka K40,000 nyengo yogulitsa fodya ya chaka chatha, n'kulumbira kuti cheke chikangotuluka abwera yekha. Amakhala kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa njinga wosakwana ola. Illimani ndamuona pa foni kanayi sabata ino, koma mkuluyo ayi. Ndamuimbiranso dzulo, ndipo anayankha ndi mayi uja wa m'foni, mwaulemu wake wonse, kuti nambala imene ndikuifuna sikupezeka pakadali pano, ndiyesenso nthawi ina.