Kambuku amene ndinamukweza m'bwato

Ndagi ndimazikonda kuyambira ndili mwana ku Dedza, kumene makolo anga anathawira nkhondo mpaka mtendere utabwera mu 1992. Ndiye titapita kukacheza kwa makolo a mkazi wanga kumunsi kwa phiri la Domwe, m'nyengo yachisanu ya Julaye, mtima unadumpha nditamva ana pamoto akuyamba kuti "Ndagi!" ena n'kuvomera kuti "Gize!" Olephera ankabaya ng'ombe yapakamwa kuti auzidwe yankho.

Itafika nthawi yanga ndinatulutsa funso la munthu wofuna kuwoloka mtsinje ali ndi fisi, mbuzi ndi mtolo wa chimanga, koma bwato lake limangotenga iyeyo ndi chinthu chimodzi. Funsoli ndi lakalekale. Lili m'buku la masamu limene amati analemba Alcuin wa ku York cha m'ma 800, kungoti mmenemo muli mmbulu ndi kabichi. Ndinkayesa kuti liwasowetsa mtengo wogwira. Koma kamtsikana kena kanangoti: awolotse mbuzi, abwerere, atenge fisi, mbuzi ija aibweze, atenge chimanga, kenako akatenge mbuzi. Maulendo 7, basi.

Manyazi anandigwira pamaso pa apongozi. M'malo mokayamikira kamwanako, ndinati: "Chabwino, nanga pakakhalanso kambuku?" Ndinawonjezera chilombocho osayamba ndayesa ndekha.

Ana anabaya ng'ombe zawo zonse, ine n'kumangolandira, n'kumati yankho mawa. Alamu anga ndiwo anakana. "Alamu, musandiuze, ndilipeza ndekha." Anatola miyala ndi chitsononkho, nalemba mzere paphulusa kuti ndiwo mtsinje. Chonsecho anali ndi matumba a mbatatesi amene lole inayenera kudzanyamula mbandakucha kupita ku msika wa ku Ulongwe.

Ndili gone pamphasa ndinayamba kuwolotsa zinthuzo m'mutu. Mbuzi iyenera kuyamba, chifukwa siingatsale ndi china chilichonse. Ukawolotsa fisi n'kubweza mbuzi, tsidya lino patsala mbuzi, kambuku ndi chimanga. Ukatenga kambuku, chimanga chadyedwa. Ukatenga chimanga, mbuzi yajiwa. Ukatenganso mbuzi, wabwerera pomwe unali. Njira palibe, pokhapokha bwato litamatenga zinthu ziwiri.

Ndinkawamva alamu panja akukankha miyala, akutsokomola ndi utsi. Kunali kungotsegula chitseko n'kuwauza. Sindinadzuke. Chimenechi ndicho chimandiwawa mpaka lero, kuposa kambukuyo.

Anagona tambala woyamba atalira kale, ndipo lole inaimba hutala kumsewu n'kupita. Tinachita kubwereka ngolo ya ng'ombe. Pofika ku Ulongwe dzuwa linali pamutu, ogula ambiri ochokera ku Tete atadzaza kale magalimoto awo, moti mbatatesi zija anazigulitsa motchipa.

Pobwerera, tili pangolo, ndinawauza zonse. Anakhala chete mtunda wautali, kenako anafunsa: "Ndiye munadziwa nthawi yanji?" Ndinawauza zoona. Sanayankhe.

Madzulo agogo a mkazi wanga anandiitana. "Bambo, ng'ombe za ana munadya zija mubweze. Ndagi yopanda yankho sitiponya pano." Ndinapepesa pamaso pa ana onse, ndipo mametikali a ngolo ndinalipira ndine. Kusiyana kwa mtengo wa mbatatesi alamu anakana kulandira.