Mutu Ukakula Sulewa Nkhonya, Ngakhale Pamadzi

Munthu wa ku 25 de Setembro, muno m'Moatize, sachita kuuzidwa za zinthu zikuluzikulu. Amagona ndi kudzuka ndi mkokomo wa sitima ya malasha, ija yoti mutu wake ukamalowa m'tchire mchira umakhala ukadali pasiteshoni. Amawadziwa magalimoto a kumgodi amene tayala lake limodzi limayang'ana denga la nyumba ngati mng'ono wake, ndipo pamsewu wopita ku Zóbuè adaphunzira kalekale kuti lole ikaliza hutala, wanjinga sayankha. Choncho kanema wa sitima yapamadzi yotchedwa Icon of the Seas akamazungulira m'mafoni, munthu wa kuno sakomoka ayi, amangopukusa mutu. Komabe manambala ake ndi oti uwamve utakhala pansi. Sitimayi idamangidwa ku Turku m'dziko la Finland, idayamba kunyamula anthu kuchokera ku Miami mu Januwale 2024, ndi yaitali mamita 365, ili ndi nsanjika 20 ndi maiwe osambiramo 7, ndipo ikadzaza imatenga alendo 7,600, osawerengera antchito oposa 2,000. Titanic ija timaidziwira mufilimu inali ya mamita 269 okha. Ikanaima lero pambali pa Icon, anthu akanaifunsa kuti, "Iwe mwana, mayi ako ali kuti?"

Makolo athu sadaione sitima yotere, koma adaisiyira mwambi: mutu ukakula sulewa nkhonya. Pabwalo la milandu mawuwa amakumbutsa mfumu, mwini mbumba kapena mwana wachisamba kuti mavuto a pamudzi amafikira iye, afune asafune. Koma mwambi uli ngati chitenje, amafunda aliyense amene wamva kuzizira, ndiye tiyeni tiutenge monga udanenedwera, mutu weniweni ndi nkhonya yeniyeni. Wakamutu akaona chibakera chikubwera amangowerama, icho n'kupitirira. Wachimutu akawerama chimamupeza, akapendekera kumanzere chimamupezabe, pakuti kulikonse kumene chibakera chingalowere kuli mutu. Zombo nazo n'chimodzimodzi. Amene amalamula msinkhu wa chombo ndi madzi, mchenga wa pansi pake ndi gombe limene chikukafikira, ndipo eni ndalama akaiwala zimenezi, nkhonya imawapeza pamphumi penipeni. Mboni yoyamba sitikaitenga kutali: ndi Zambezi yemweyu, amene timamuwoloka pamlatho popita ku Tete.

M'chaka cha 1858 David Livingstone adafika ku Tete ndi kasitima ka nthunzi kotchedwa Ma Robert, ali ndi chikhulupiriro choti Zambezi ndi msewu waukulu umene Mulungu adalambuliratu kuti malonda ndi Uthenga zilowe pakati pa Africa. Kasitimako kankadya nkhuni ngati uvuni wa njerwa, kakupuma mwabefu mpaka mwini wake adakatcha wodwala mphumu, ndipo katayandikira mathithi a Cahora Bassa, kumene lero kuli damu, mtsinje udangoti, "Bwererani, bwana." Boma la Britain litamutumizira ina yabwinopo, Pioneer, mu 1861, vuto lidakula pamodzi ndi sitimayo. Mimba yake inkalowa kwambiri m'madzi, kotero pa Shire idakhala pamchenga masabata ndithu, anthu akuikoka ndi zingwe thukuta kamukamu, pomwe eni dziko ankadutsa pambali m'mabwato awo osema, mwina akupereka moni mwaulemu wonse. Imene idakafika panyanja ya Malawi ndi Ilala yoyamba, mu 1875, ndipo idatero chifukwa inkadziwa kuwerama. Pa mathithi a Shire adaimasula zidutswazidutswa, amtengatenga mazanamazana adaisenza, n'kukailumikizanso kumtunda.

Wina ati zimenezo n'zakale, lero kuli makompyuta oyeza kuya kwa madzi. Eya, aliko, ndipo a Rio Tinto anali nawo. Mu 2011 kampaniyi idagula Riversdale, mwini mgodi wa Benga wa pakhomo pathu pano, pamtengo wa madola pafupifupi 4 biliyoni, ndipo m'masamu ake munali maganizo oti malasha azitsika ndi Zambezi m'zombo zafulati mpaka kunyanja ya mchere. Boma la Mozambique lidakana, poopa zimene kukumba mtsinje kungawononge. Njanji ya Sena siikanatha kusenza zonse zimene ankalota, nawo malasha abwino adapezeka ochepa kuposa a papepala. Mu Januwale 2013 mkulu wa kampaniyo, Tom Albanese, adachoka pampando, ndipo mu 2014 migodi ya Riversdale idagulitsidwa madola 50 miliyoni. Kumeneko ndiko kugula ng'ombe n'kukaigulitsa pamtengo wa nkhuku. Abale athu a ku Malawi, kuseri kwa Zóbuè, asaseke mokweza, poti nawo doko lawo la Nsanje adalitsegula ndi mwambo waukulu mu Okutobala 2010, atsogoleri a mayiko atakhala pamipando yaulemu, koma chombo chimene ankachidikira sichidatulukire.

Tsono tiyang'ane gogo wa panyanja, Ilala yachiwiri, amene akuyendabe. Adamangidwa ku Scotland ndi kampani ya Yarrow mu 1949, adabwera zidutswa mpaka ku Beira, kenaka adakwera sitima yapamtunda. Ndiye kuti chombochi chidawoloka Zambezi pamlatho wa Dona Ana, pa Mutarara, m'chigawo chathu chino cha Tete, chili m'mabogi ngati matumba a chimanga, osanyowa n'komwe. Chidayamba ntchito mu 1951. Kutalika kwake ndi mamita 52, kotero muyenera kundandika a Ilala asanu ndi awiri, uyu kumchira kwa uyu, kuti mufanane ndi Icon mmodzi. Sabata ndi sabata gogoyu amachoka ku Monkey Bay kulowera ku Chilumba n'kubwerera, akuima ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe, ndipo kale ankapatukiranso kwathu ku Metangula ndi Cóbuè. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Pamene palibe doko amaponya nangula chapatali, n'kutsitsa timabwato take tiwiri, ndipo mmenemo mumalowa chilichonse chimene mudzi umafuna: simenti, malata, ufa, madengu a usipa, njinga, nkhuku, wodwala wopita kuchipatala, mwana wa sukulu ndi sutikesi yake. Pamwamba pamakhala alendo ochokera ku Ulaya atayala timatiresi pabwalo, botolo lili m'manja, akuwerenga nyenyezi. Nthawi yofika imene imalembedwa papepala ndi malonjezo a mkamwini, munthu amangoimva n'kumwetulira. Komabe gogo amafika.

Chimphona chija cha Icon sichingafike m'malo otere, ndipo ngakhale m'mizinda yotchuka mutu wake wayamba kuitana zibakera. Mu Juni 2019 sitima ya MSC Opera, imene idayendapo pakati pa Durban ndi zilumba za dziko lathu, idalephera kuima ku Venice n'kukagunda doko ndi chombo china chaching'ono. Kuyambira Ogasiti 2021 boma la Italy lidaletsa zombo zoposa matani 25,000 kudutsa mumngalande wa Giudecca, pakatikati pa mzindawo. Icon, pa sikelo yomweyo, ndi ya matani pafupifupi 250,000, kakhumi konse. Ngakhale sitima zazikulu zimene zimabwera ku Ilha dos Portugueses, pafupi ndi Inhaca, zimaima kutali, alendo n'kumatutidwa m'timabwato, njira yomwe ija ya gogo wathu pa Ruarwe. Ndiye eni zimphona adaganiza mochenjera: ngati sitima siingafike kumalo, sitimayo isanduke malo. Adaikamo mapaki, misika, mabwalo a zisudzo, malo odyera ndi omwera makumimakumi, ndipo Royal Caribbean, mwini Icon, ali ndi chilumba chakechake ku Bahamas, CocoCay, kuti mlendo akatsika m'sitolo yoyandama alowe m'sitolo ya pamchenga ya munthu yemweyo. Taganizani munthu wolipira ndalama zambiri kuti akaone dziko, n'kubwerera ataona masitepe ndi mizere ya podyera. Zili ngati kukwera chapa ya ku Zóbuè, n'kutsika ukusimba kukoma kwa mpando.

Pali zotsutsa, ndipo n'zomveka. Choyamba ndi mtengo. Sitima yaikulu imagawa ndalama za mafuta, za kaputeni ndi za ophika pamitu yambiri, choncho tikiti imatsika, ndipo mabanja amene kale ankangoonera maulendo otere pazithunzi lero amakwera. Aliyense amene adakhalapo mu chapa akudikira kuti idzaze akudziwa masamu amenewa, ndipo sindingawatsutse. Ndingofunsa kuti ndalama yotsalayo imagwera m'thumba la yani. Alendo 7,000 amene adya kale m'sitima, amene akagonenso m'sitima, akatsika kwa maola ochepa amadzaza misewu, amajambula, amagula kachipewa, kenaka lipenga likalira onse balala kubwerera. Fumbi limatsalira eni mudzi. Kasitima kakang'ono kamatsitsa anthu ochepa, koma ndi anthu anjala, ofuna pogona, ofuna wowaperekeza. Ena atinso si chilungamo kuyerekeza Ilala ndi Icon, pakuti wina ndi bulu wosenza katundu, wina ndi nkhanga yoonetsa mawanga. N'zoona, ntchito zawo n'zosiyana. Koma mlendo wa pabwalo la pamwamba la Ilala adabweranso kudzasangalala, monga mnzake wa ku Miami, ndipo akamapita kwawo amakhala atanunkhiza usipa, atakangana mtengo wa nthochi, ataona tchalitchi chachikulu cha St Peter pa Likoma. Ameneyu wayendadi.

Chotsutsa chachiwiri ndi cholemera, ndipo apa nthabwala ziyambe zakhala pansi. Chitsulo chimakalamba. Ilala wasinthidwapo injini, wagonapo padoko miyezi akukonzedwa, anthu a pazilumba akuvutika, ndipo palibe munthu wanzeru amene anganene kuti chombo cha 1949 chizinyamula ana a anthu mpaka kalekale chifukwa choti azungu amachikonda pazithunzi. Malamulo a zomangamanga adasintha, ndipo zombo za lero zili ndi zida zozimira moto ndi zopulumutsira anthu zimene amisiri akale sankazilota. Ukalamba pawokha si nzeru: sitima ya Chauncy Maples, ya mu 1901, idapuma kalekale pa Monkey Bay, ndipo maganizo oisandutsa chipatala choyandama sadafike pamapeto. Koma utsopano nawo si chithumwa. Vipya idamira pa 30 Julayi 1946, kumpoto kwa nyanja, ikadali yatsopano, ndipo anthu 145 adatsikira nayo. Titanic idamira paulendo wake woyamba. Costa Concordia idagunda thanthwe pachilumba cha Giglio mu Januwale 2012 ili ndi anthu oposa 4,000, kuwatulutsa kudatenga maola ambiri usiku, ndipo 32 adataya moyo. Mu Febuluwale 2020 Diamond Princess idatsekeredwa padoko la Yokohama ndi anthu 3,711, ndipo oposa 700 adatenga Covid-19. Paja akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyerere zikachuluka m'chipatso chimodzi, imodzi ikatsokomola zonse zimamva.

Cholakwika chimene otsatsa malonda adatidyetsa n'chakuti mawu awiri, chatsopano ndi chachikulu, adawamanga mtolo umodzi ngati mapasa. Timaziona ngakhale pamtunda: munthu akapeza ntchito kumgodi amagula galimoto yoti siingalowe m'kanjira ka kwawo, n'kumaigoneka kwa aneba, mvula ikagwa iye n'kumalowa m'nyumba wapansi nsapato zili m'manja. Komatu mtolowo umamasuka. Panyanja pomwepo pali Chilembwe ku Malawi ndi Chambo ya ku Metangula, zombo zaposachedwa, zazing'ono kuposa Ilala ndi zothamanga kuposa iye. Mwina sizingasenze katundu yense wa gogo, ndipo mwera ukawomba okwera amakumbukira mapemphero onse amene adaphunzira ali ana, koma zikuonetsa kuti chombo chingabadwe dzulo osatupa mutu. Nawonso makampani a maulendo a zosangalatsa akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake akumangabe timasitima tatsopano ta alendo mazana ochepa topita ku Antarctica ndi m'mitsinje ya ku Ulaya, ndipo tikiti yake ndi yokwera mtengo kuposa ya chimphona. Olemera enieni akulipira ndalama zambiri kuti athawe gulu, pomwe ife tikusirira gululo pafoni.

Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo Ilala wakanda nyanja imeneyi zaka zoposa 70. Tsiku lake lopuma lidzafika, liyenera kufika. Pempho langa kwa akuluakulu a mbali zonse ziwiri za nyanja, amene adzasaine mapepala ogulira mlowam'malo wake, ndi loti kabuku ka zithunzi zonyezimira adzakasiye kaye patebulo. Adzatenge nsungwi yaitali, adzakwere bwato, akayeze madzi a pa Ruarwe ndi pa Cóbuè mwezi wa Novembala, nyanja itatsika.