Chetechete Sautsa Nyama, Ngakhale M'khoti

Amene anayambitsa mwambi wakuti chetechete sautsa nyama anali mlenje wa uta ndi mivi, koma maloya a milandu yakupha anayenera kumamugawirako malipiro awo. Nyama ya m'khoti ndi loya wa boma, ndipo ndi yanyanga. Woimbidwa mlandu akakhala duu, mkuluyu amatuluka thukuta yekha kufunafuna umboni wosasiya chikayiko, ndipo ukaperewera munthu amapita kwawo. Koma akangoimirira n'kulumbira, nyama yadzuka. Oweruza amaiwala mabowo a umboni wa boma n'kuyamba kuwerenga nkhope yake: walira kwambiri ndiye kuti akuchita sewero, sanalire ndiye kuti ndi wouma mtima.

O.J. Simpson anayesa njira zonse ziwiri. Mu 1995 ku Los Angeles, pamlandu wopha Nicole Brown Simpson ndi Ron Goldman, sanapereke umboni. Anangolimbana ndi magolovesi othina pamaso pa khoti, manja n'kumuyankhulira, ndipo anamasulidwa. Achibale a malemuwo atamusumira kuti alipire chipukutamisozi, lamulo silinamulolenso kubisala kumbuyo kwa maloya. Anakanitsitsa kuti sanakhalepo ndi nsapato za Bruno Magli, mtundu womwe unasiya mapazi amagazi pamalopo, n'kuzinyoza kuti ndi zonyansa. Posakhalitsa zithunzi zinatuluka, mkulu ali ndi nsapato zomwezo kuphazi. Mu 1997 anagamulidwa kulipira madola 33.5 miliyoni. N'zoona kuti mlandu wa chipukutamisozi sufuna umboni wolemera ngati wakupha, komabe bodza la nsapatozo linalowa m'khoti kudzera pakamwa pake.

Ena anena kuti mwana wakaya sachira, ndipo munthu wosalakwa angaope chiyani? Aope loya amene wakhala zaka zambiri akuphunzira kufunsa funso limodzi m'njira khumi. Wosalakwa naye amaiwala nthawi imene anadya mgonero, amasokoneza Lachiwiri ndi Lachitatu, amapsa mtima, ndipo bodza laling'ono lobisa chibwenzi limaoneka ngati lobisa mtembo. N'chifukwa chake ku America, kuyambira chigamulo cha Griffin v. California cha 1965, woimira boma saloledwa kuuza oweruza kuti kukhala chete ndi chizindikiro cha kulakwa. Ku England anaona mwina: lamulo la 1994 limalola khoti kudabwa ndi munthu amene wasoka pakamwa popanda chifukwa.

Mwambi wa chetechete umafooka pamene munthu akuvomera kuti anaphadi koma akuti amadziteteza, poti mantha a mumtima alibe mboni ina. Kyle Rittenhouse anayankhula ku Wisconsin mu 2021 ndipo anamasulidwa. Oscar Pistorius nayenso analibe pothawira: anawombera kanayi chitseko cha chimbudzi, Reeva Steenkamp ali mkati, ndipo ndi iye yekha akanafotokoza zimene ankaganiza. Ku Pretoria mu 2014, loya wa boma Gerrie Nel anamupanikiza masiku asanu, nkhani n'kuyamba kuterereka, pena ankaopa wakuba, pena mfuti inalira asanaganize. Woweruza Thokozile Masipa anati Pistorius anali mboni yosadalirika, koma anamupeza wolakwa pa kupha mosafuna basi. Boma linachita apilo, ndipo mu 2015 khoti la apilo, litawerenganso zimene iye mwini ananena, linasintha chigamulo kukhala kupha mwadala.