Chokoleti cha mlamu ndi bipi yanga

Kuno ku Rumphi ukangopezeka ndi bipi, aliyense amasanduka dokotala. Uyu akuti adyo, uyo akuti masamba a chammwamba, winayo akuti uchi wa ku Nyika. Anga mankhwala anabwera pa basi kuchokera ku Joni, m'chikwama cha mlamu wanga, atakulungidwa m'pepala lonyezimira.

"Alamu, ichi si chokoleti cha ana," anatero. "N'chakuda, 85 peresenti. Kumeneko anthu amadya kuti mtima uzigunda bwino."

Ndinasangalala kuposa mlongo wawo amene analandira bulangeti. Chipezekereni ndi bipi, uphungu wonse umene ndimamva ndi wa "musiye": musiye mchere, musiye kanyenya, musiye mowa. Lero lokha munthu wandiuza kuti "muzidya".

Ndinaluma. Abale inu, kuwawa kwake ngati kwinini uja ankatimwetsa tili ana. Nkhope inachita kukwinyika yokha, koma poti alamu anali atanditong'olera maso, ndinameza n'kunena kuti, "Yewo chomene, chayamba kale kugwira ntchito." Mayi a kunyumba analawa kachibenthu, n'kutuluka panja osatsanzika.

Alamuwo sananame kwenikweni. Mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira za unamwino, akuti mu koko muli tinthu totchedwa ma flavanol, timene timathandiza mitsempha ya magazi kumasuka. Mu 2012 bungwe la EFSA, loona za zakudya ku Ulaya, linavomereza kuti mamiligalamu 200 a tinthuti patsiku amathandizadi mitsempha. Ndinayamba kugwedezera mutu ngati ndinali nawo pamsonkhanowo. Kenaka mwanayo anawonjezera kuti akatswiri a Cochrane ataphatikiza kafukufuku wambiri mu 2017, anapeza kuti koko amatsitsa bipi ndi 2 yekha. Awiri basi! Yanga ikachoka pa 160 n'kufika pa 158, anamwino sangandiombere m'manja.

Sindinagonje msanga. Ndinafunsa za kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa COSMOS, amene alamu anamutchula ali ndi nthuli m'kamwa. Zoona, zotsatira zake zinatuluka mu 2022, anthu anali oposa 21,000, ndipo imfa za nthenda ya mtima zinachepa ndi 27 peresenti. Koma ataphatikiza mavuto onse a mtima ndi sitiroko, kusiyana kwake kunachepa moti ofufuzawo sanathe kulumbirirapo. Chimene chinandiswa mtima womwewo n'chakuti anthuwo sankadya chokoleti ayi. Ankameza makapisozi. Ine ndithawe mapiritsi kuno, n'kukapeza mapiritsi ku America?

Cha alamu chitatha, ndinakafufuza china ku Mzuzu. Nditaona mtengo ndinagwira shelefu. Paja kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 mtengo wa koko pa msika wa dziko lonse unapyola madola 10,000 pa tani. Ziwiri zimene chokoleticho chikananditsitsira, mtengo wake unandikwezera khumi ndisanachigwire n'komwe. Chodabwitsa, koko amalimidwa pafupi pompa, ku Kyela ku Tanzania, kungowoloka Songwe. Ife ku Bolero ndi ku Hewe tinasankha kulima fodya, amene mtima sufuna kumva ngakhale fungo lake.

Pofuna kusabwerera chimanjamanja, ndinagula kachitini ka ufa wa chokoleti wothira m'tiyi. Ndinkaikamo shuga masupuni atatu kuti mankhwala atsike bwino, n'kuperekeza ndi mandasi. Lamba anayamba kuthina, ine n'kumati ndi mitsempha ikumasuka.

Mayi a kunyumba ndi amene anatseka chipatala changacho. "Bambo a Chikondi, shuga ameneyo ndi wa mwezi wonse. Mapiritsi anu ali pawindopo, imwani." Tsiku lomwelo kabotolo ka mchere kanasowa patebulo. Akuti bungwe la WHO limati munthu asapyole magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo usipa wokhawo umabwera utamaliza kale gawo langa.

Panopa ndikumwa mapiritsi m'mawa uliwonse, ndiwo ndi zosakolera, ndipo kabaza anandiletsa kuti ndiziyenda wapansi. Inu amene mumandiona madzulo pa chiwaya cha pa Boma, ndikusunsa kanyenya mu mchere wa tsabola, chonde nkhaniyo isafike kunyumba.