Ndandanda ya Kalulu

Padangokhala, m'munsi mwa phiri la Zomba, kumene madzi a Mulunguzi amatsikira, nyama zinamanga yunivesite yawo. Mphunzitsi wamkulu anali Kadzidzi. Tsiku lotsegulira anatera panthambi ya mbawa n'kuuza a chaka choyamba kuti: "Ana inu, semesita sichedwa kutha. Mamalikisi ena muziwatola pang'onopang'ono pa ntchito za m'kalasi, otsalawo mukawapeza pa mayeso akumapeto. Munthu wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kale mu 1885 kuti zambiri zimene mutu walandira zimathawa m'masiku oyambirira omwewo mukapanda kuzibwereza. Za lero kazibwerezeni madzulo ano, mudzazionenso pakapita masiku angapo. Ndipo usiku muzigona."

Kalulu anaomba m'manja kuposa aliyense. Madzulo ake anagula pepala lalikulu ndi zolembera za mitundu isanu, nayamba kujambula ndandanda ya nthawi. Tisamunamizire, inali yabwino. Kudzuka 5 koloko. Phunziro lovuta analiika m'mawa, mutu usanatope. Loweruka linali lobwereza za sabata yonse, ndipo ngakhale kuchapa ndi kupuma kunali ndi malo ake. Anamaliza tambala woyamba akulira, choncho 5 koloko inam'peza akuliza mkonono. Atadzuka dzuwa lili pamutu anati, "Ndandanda yophonyedwa tsiku loyamba ndi ya tsoka. Tidzayamba bwino Lolemba." Anaikwinya n'kuiponya kudzala.

Kudzalako n'kumene Nkhanga anaipeza akupalasa. Iyeyu malo ku hositelo sanapeze. Ankachita lendi kachipinda ku Chikanda, n'kumapita m'kalasi wapansi, ndipo anzake ankamuseka kuti kamutu kadazi kameneko sikangasunge ngakhale ndime imodzi. Anaongola pepalalo, nalimata pakhoma ndi phala. Sankalitsata masiku onse, poti nthawi zina magetsi ankazima, nthawi zina kunkagwa maliro. Akaphonya Lachiwiri, Lachitatu ankangopitiriza. Akawerenga tsamba ankatseka buku n'kudzifunsa mokweza zimene wawerengazo, ndipo pamene wakakamira ankatsegulanso. Anthu oyandikana naye anadandaula ndi phokosolo mpaka anatopa.

Enawo aliyense anali ndi njira yake. Mleme ankagona usana wonse, akunena kuti iye amaswa usiku mayeso akayandikira. Chiswe anakhazikika mu laibulale nadya mabuku kuyambira chikuto mpaka chikuto, osaima n'kamodzi komwe kudzifunsa kuti wamvapo chiyani.

Nanga Kalulu? Lolemba lililonse ankatulutsa ndandanda yatsopano yoposa yakale. Ankaijambula pafoni n'kuitumiza pagulu la WhatsApp, kenako n'kukhala mpaka pakati pa usiku kuwerenga mayamiko. Anzake anam'sankha kukhala wapampando wa gulu lowerengera limodzi, ndipo misonkhano yake inkathera pokambirana tsiku la msonkhano wotsatira. Masabata akamachepa, iye ankangopanikiza maphunziro m'timabokosi tating'ono. Ndandanda yomaliza inali ndi maola 20 owerenga pa tsiku, kudya mulibe.

Mayeso anafika. Mleme anawerenga mausiku atatu osatsinzina, ndipo pa funso lachiwiri tulo tinam'gwira, anam'peza ali lende padenga. Chiswe anakumbukira kuti buku la masamu linali lowawa pang'ono, basi. Kalulu anagawa bwinobwino maola atatu a pepalalo, funso lililonse mphindi zake, nalemba mgawowo m'mphepete mwaukhondo. Chodzaza pakatipo ndicho chinasowa.

Zotsatira zitatuluka, Nkhanga anali atakhoza zonse. Kalulu anatsikira ku Chikanda kuti akaone mankhwala amene mnzakeyo anagwiritsa ntchito, ndipo atangolowa anaona zolemba zake zomwe pakhoma.

"Achemwali, pepala ili munalitenga kuti?"

"Kudzala, achimwene. Ndimayesa mwini wake analitaya."

Kalulu anathamangira kwa Kadzidzi, pepala lili m'manja. "Aphunzitsi, pano pachitika zakuba. Nzeru zimene Nkhanga wakhozera ndi zanga. Theka la mamalikisi ake libwere kwa ine."

Kadzidzi anavala magalasi, naliyang'ana nthawi yaitali, uku akugwedeza mutu. "Mwana wanga, zoona, chiyambire kuphunzitsa sindinaonepo ndandanda yabwino chotere. Ndaipatsa 90. Yakhoza, ipite chaka chachiwiri pamodzi ndi Nkhanga. Iwe utsale."

Kalulu sanataye mtima. Ophunzira atsopano akafika, amawasonkhanitsa pansi pa mbawa ija n'kuwaphunzitsa kasungidwe ka nthawi, pakhomo K2,000, ndipo amadzaza ndithu, chifukwa aliyense anamva za pepala lija lomwe linapeza 90. Iye mwini chaka choyamba akuchibwereza kachitatu.