Nambala wani m'kalasi ya munthu mmodzi

Ku America kuli makolo amene satumiza ana kusukulu, amangowaphunzitsa okha pakhomo, ndipo kuyambira 1993 lamulo limalola zimenezi m'zigawo zonse 50. Mwana akamaliza sekondale amamuveka mkanjo ndi chipewa, satifiketi n'kusainidwa ndi makolo ake omwe. Bambo wina wa ku South Bend, kumene Amalawi adachita kumangako mudzi, adaimbira foni mayi ake ku Dedza. "Amayi, mdzukulu wanu wamaliza sukulu, wakhala nambala wani!" Agogo adaimba nthungululu mpaka nkhuku kubalalika. Atapuma adafunsa, "Nanga womaliza ndi mwana wa yani, timuseke?" Bambo uja adati, "Ndi yemweyo, amayi." Agogo adakhala chete pang'ono. "Ndiye ndibweze theka la nthungululu zija?"

Amalume adalanda foni. "Alamu, atakhoza pulayimale adasankhidwira kuti?" Bambo adayankha kuti mwanayo adachoka patebulo la kukhitchini n'kupita patebulo la pabalaza. "Sindidaimvepo imeneyo. Ndi yoyendera kapena yogonera konko?" "Yogonera konko, alamu." Amalume adapukusa mutu. "Zaka zinayi zathunthu! Koma mumakamuona? Mwana asaiwale kwawo."

Atamva kuti kumeneko kulibe MANEB, amalume omwewo adadzidzimuka. "Nanga mayeso amakonza ndani?" "Mayi ake." "Woyang'anira polemba?" "Mayi ake." "Wochonga?" "Mayi ake." Amalume adati basi, sukulu yake ndi imeneyo, mayeso sangabedwe. Mayi adalowerera ali kukhitchini: "Adabedwapo kamodzi, achimwene. Titafufuza tidapeza kuti ahedi adagulitsa pepala la masamu posinthana ndi kutsukiridwa galimoto."

Tsiku lina, akadali pasukulu, mnyamatayo adachita mwano m'kalasi. Ahedi, amene ndi bambo ake, adamenya tebulo. "Tuluka! Usabwerenso pasukulu pano mpaka ubwere ndi makolo ako!" Mwana adatuluka, kuzungulira nyumba, n'kugogoda khomo lakumaso. "Makolo ako ali kuti?" "Ndawapeza kulibe, ahedi. Akuti apita kusukulu."

Lamulo la ku Indiana, kumene kuli South Bend, limati mwana aphunzire masiku 180 pachaka, ndipo makolo azisunga kaundula wa masiku amene wabwera. M'mawa uliwonse mayi ankatsegula kaundulayo n'kuitana dzina limodzi lokhalo. Tsiku lina palibe adavomera. Adaitananso, zii. Adalemba kuti wajomba, n'kupita kuchipinda kukamupeza ali m'bulangete. "Wajomberanji?" "Mayendedwe, aphunzitsi. Pakolido pali mopu wonyowa, msewu sukudutsika."

Mnansi adapeza mayi yemweyo akulankhula yekha kukhitchini, manja m'chiuno, mawu ali pamwamba. "Anzanga, kwagwanji?" "Musatisokoneze, tili pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi." "Ukuyenda bwino?" "Ayi ndithu. Kholo likuti mphunzitsi ndi waulesi, mphunzitsi akuti sadalandirepo malipiro chiyambire."

Tsiku la mwambo womaliza sukulu lidafika. Ku Indiana inali 10 koloko m'mawa, kumudzi 4 koloko madzulo, anthu ataunjikana pa kafoni kamodzi atakatsamiritsa pa mtondo. Mnyamata adatulukira atavala mkanjo wakuda mpaka kumapazi. Agogo adagwira pachifuwa: "Mayo! Wamwalira ndani?" Atauzidwa kuti ndi chovala cha ophunzira, amalume, amene ndi mmisiri womanga nyumba, adayandikitsa diso pa chipewa cha ngodya zinayi chija. "Kathabwa ako ndikukadziwa, timanyamulira matope popaka pulasitala. Zaka 12 pasukulu kuti adzakhale wondithandizira ine?"

Pamiyambo yotere ku America, omaliza maphunziro amalowa akuyenda mwaulemu ndi nyimbo ya Pomp and Circumstance, imene Edward Elgar wa ku England adapeka mu 1901. Bambo adaiika pa sipika. Vuto n'lakuti kuchoka kuchipinda kufika pabalaza ndi mapazi asanu ndi limodzi, ndiye mwana adafika malipenga asanatenthe n'komwe. "Bwerera, uyambirenso," adatero bambo. Adabwerera. Adafikanso. "Bwerera!" Kachinayi agogo adalephera kupirira. "Mwati wakhoza, nanga akubwerezeranji?"

Kenaka wophunzira wokhoza bwino kuposa onse adaimirira kuti alankhule m'malo mwa anzake. Adathokoza mphaka chifukwa chosajomba. Adadandaula kuti zakudya za pasukulupo zinali nyemba Lolemba mpaka Lachisanu, koma ataona diso la wophika adati nyembazo zinali zokoma kwambiri. Pomaliza adatsitsa mawu. "Mphekesera zija zoti ahedi ndi aphunzitsi athu amagwirana manja sukulu ikaweruka, n'zoona." Kumudzi azakhali adaomba m'manja kamodzi. "Zamanyazi! Akazi awo a ahediwo akudziwa?"

Mabanja ena amasonkhana pamodzi n'kubwereka holo ya tchalitchi kuti mwambo ukhale ndi anthu, ana khumi kapena makumi awiri n'kuvala mikanjo tsiku limodzi. Mayi wina wachimalawi adapeza atsikana awiri atakumbatirana panja, misozi ili mbwembwembwe. "Pepani ana anga, kusiyana ndi mnzako wa m'kalasi kumawawa. Mudadziwana liti?" Mmodzi adapukuta m'maso. "Poimika galimoto."

Zoponya zipewa m'mwamba zidayamba mu 1912 ndi asilikali apamadzi omaliza maphunziro ku Annapolis, ndipo iwo chipewa chikapita m'mwamba sichikumana ndi kanthu. Mnyamata wathu adaponya chake pabalaza. Fani ya kudenga idachilandira, kuchizunguza kawiri, n'kuchitumiza m'mbale ya nkhuku, msuzi waa pa kapeti. Mayi adaimirira. "M'nyumba mwanga muno?" "Pano ndi pasukulu, aphunzitsi." "Sukulu yatsekedwa mphindi zisanu zapitazo. Katenge ndowa."

Mwambo wa Mmalawi sungathe popanda perekaniperekani, ngakhale ku America. Woyendetsa mwambo adagwira lichero. "Tiyambe ndi makolo a mwana!" Bambo adavina n'kuponya madola. "Tsopano komiti ya sukulu!" Bambo adavinanso. "Eni malo amene sukulu idamangidwapo!" Bambo adavina, koma mwendo umodzi wokha. "Woyendetsa basi ya sukulu!" Adaponya makobidi. "Pomaliza, ahedi athu olemekezeka!" Bambo adasuzumira m'chikwama n'kukhala pansi. "Ahedi asamutsidwa dzulo."

Mlongo wamng'ono wa mnyamatayo adafunsidwa ngati akusangalala kuti achimwene amaliza. Adati kwambiri. "Chifukwa?" "Tsopano ndine hedigelo, kaputeni wa mpira, woliza belu ndi nambala wani." Mayi adawonjeza kuti ndiyenso wosesa m'kalasi sabata zonse. Mtsikana adakweza dzanja. "Aphunzitsi, fomu ya transifa imapezeka kuti?"

Musaseke a ku America okha. Sukulu zitatsekedwa kuno kwathu pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, bambo wina wa ku Ndirande adalumbira kuti ana ake atatu aziwaphunzitsa yekha. Adagula choko, kupaka makala pa chitseko kuti chikhale bolodi, n'kuyamba ndi masamu a sitandade 7. Lachinayi la sabata yomweyo anansi adamva nyimbo, atapita adapeza ana atavala makatani, bambo akugawa masatifiketi olembedwa pa katoni ya sopo. "Achimwene, masiku atatu okha ana amaliza kale?" Bambo adapukuta thukuta. "Ndamaliza ndine."

Patapita mwezi chichitikireni mwambo wake, mnyamata wa ku South Bend uja adakafunsira ganyu. Bwana adapempha kalata ya umboni yochokera kwa ahedi, ina kwa kholo, ina kwa mwini nyumba. Ataziyala patebulo adaona siginecha imodzimodzi katatu. "Mnyamata, ukundiyesa wopusa?" "Ayi bwana, imbirani foni mufunse." Bwana adaimba nambala yoyamba, bambo adayankha. Adaimba yachiwiri, bambo yemweyo adayankha ndi mawu okulirapo. Pa yachitatu bambo adati, "Ngati ndi za mwana uja mulembeni msanga, ali ndi ngongole ya lendi ya zaka 18."

Inu amene mwalandira khadi yokuitanirani ku mwambo wotere chaka chino, nyamulani mpando wanu. M'kalasimo ulimo umodzi wokha, ndipo pakhala mlendo wolemekezeka.