Turbo ya pakhonde

Makampani anayi akuluakulu a ku Japan anayesapo kuika turbo pa njinga zamoto, onse n'kugwa ulesi. Honda inatulutsa CX500 Turbo mu 1982, Yamaha nayo inabwera ndi XJ650 Turbo chaka chomwecho, Suzuki inatsatira ndi XN85 mu 1983, Kawasaki n'kutsekera ndi GPz750 Turbo. Pomwe zaka za m'ma 1980 zimatha, njinga zonsezi zinali zitasiya kupangidwa. Zinali zodula, zolemera, zovuta kukonza, pamene njinga wamba za injini zikuluzikulu zinkathamanga chimodzimodzi popanda matatalazi onsewo.

Mlembi wanu, yemwe mpope wa kubafa kwake ukudonthabe mpaka lero, atawerenga mbiriyi anangopukusa mutu. Maganizo ake anali akuti anthu a ku Japan anafooka msanga.

Njinga yake ndi ka 125cc, ka mtundu umene anyamata a kabaza amakwezapo mayi, mwana ndi thumba la chimanga ulendo umodzi. Galaja ndi khonde la nyumba ya lendi. Zida ndi masipanala, pulayala ndi hamala yobwereka. Ndalama zinachokera ku banki m'khonde, m'dzina la mayi a kunyumba, omwe anauzidwa kuti ndi za "kukonzetsa njinga". Bodza panalibe.

Nzeru ya turbo ndi yakale: Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa mu 1905. Ndi timawilo tiwiri ta mapiko pa kamtengo kamodzi kachitsulo. Utsi wotuluka mu injini umazungulitsa kawilo koyamba, kachiwiri n'kumakankhira mpweya wochuluka mu injini. Mpweya ukachuluka, injini imatha kuwotcha mafuta ambiri, mphamvu n'kukwera. Timawiloti timazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi. Mawu akuti "mafuta ambiri" mlembi wanu anawadumpha, ngakhale iye yemweyo wagonapo pa mzere wa petulo.

Turbo anakaipeza mu msika wa Ndirande, yochotsedwa pa galimoto ya dizilo ya 2,500cc. Wogulitsa anaipukuta ndi kansalu, n'kugwedeza kawilo ndi chala. "Ndi yamoyo iyi, bwana. Tamverani kulira kwake." Mlembi wanu anatchera khutu, sanamve kanthu, koma anavomera ndi mutu kuti asaoneke mlendo pa zamakina.

Wowotcherera zitsulo analumikiza turbo ku ekizozi ndi paipi ya madzi. Chinthucho chinatulukira m'mbali mwa njinga mwakuti bondo lamanja linasowa pokhala, ndipo mwininjinga anayamba kukwera chotangadza.

Apa masamu anayamba kubwezera. Injini ya 2,500cc imaposa ya 125cc maulendo 20, komanso injini ya silinda imodzi imatulutsa utsi kamodzi kokha ikazungulira kawiri. Zinali ngati kuuza mwana wa sitandade 1 kuti apope tayala la thirakitala ndi pakamwa. Kawilo kankangotembenuka mwaulesi, kwinaku kakutsekereza utsi, ndipo njinga inayamba kuyenda pang'onopang'ono kuposa kale. Pa chitunda china bambo wa njinga yakapalasa, atasenza matumba a makala, anamupitirira n'kupereka moni mwaulemu. Mlembi wanu anafotokozera aneba kuti turbo iliyonse imachedwa kudzuka, ndipo izi n'zoona, ngakhale za Honda zinkatero. Kungoti za Honda zinkachedwa ndi kamphindi chabe.

Kenako oyilo. Kamtengo ka turbo kamayandama pa oyilo, amene amayenera kulowa mwamphamvu pamwamba n'kutsika yekha kubwerera mu injini. Mlembi wanu anakhotetsa paipi yobwezera chokwera. Oyilo atasowa kolowera anadutsira mu ekizozi, ndipo utsi wabuluu unadzaza bwalo lonse. Zovala za aneba pa chingwe zinasintha fungo. Alandilodi anatulukira ndi chidebe cha madzi.

"Bambo a ana, mukuotcha njerwa kapena mukukonza njinga?" anafunsa mayi a kunyumba, ali pa zenera.

Tsiku lalikulu linafika pa mtsetse wautali kunja kwa tauni. Mlembi wanu anapotokola mafuta mpaka pamapeto, injini inakuwa, ndipo kwa nthawi yoyamba turbo inaimba kakhweru. Chimwemwe chake chinali cha masekondi ochepa. Kabuleta wamba imagwira ntchito injini ikamakoka mpweya. Mpweya ukabwera mokankhidwa, umabweza petulo m'malo momukoka. Injini inalandira mpweya wambiri ndi petulo wochepa, kutentha kunakwera, munamveka kugogoda, kenako zii.

Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango anamasula mutu wa injini, n'kutulutsa pisitoni. Pakati pake panali bowo lolowa chala, m'mphepete mwake aluminiyamu atasungunuka n'kuumanso. Anaikweza kudzuwa n'kumuyang'anira mlembi wanu pa bowolo.

"Madala, turbo imafuna pampu ya petulo, kabuleta yokonzedwa, pisitoni yolimba, kilatchi yolimba, ndi kuchepetsako kompuleshoni. Nanga za mabuleki munaganizako?"

Funso la mabuleki si lachibwana. Bill Warner wa ku America anafika pa liwiro la makilomita 500 pa ola mu 2011, pa Suzuki Hayabusa ya turbo, pa bwalo lakale la ndege ku Loring m'chigawo cha Maine. Mu 2013 anamwalira pa ngozi pa bwalo lomwelo, ali katswiri wodziwa chilichonse cha njinga yake. Mlembi wanu mabuleki ake akumbuyo amathandizidwa ndi chidendene cha nsapato.

Koma sanagonje. Tsopano akulankhula za Burt Munro wa ku Invercargill, New Zealand, amene anagula njinga ya Indian Scout mu 1920, n'kumaisula kunyumba kwake, mapisitoni n'kumaumba yekha, mpaka anaphwanya rekodi ku Bonneville mu 1967 ali ndi zaka 68. Madzulo ena anawafotokozera mayi a kunyumba kuti Munro zinamutengera zaka 47, choncho munthu asaweruzidwe ndi pisitoni imodzi. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, akusankha nyemba m'lichero, n'kumukumbutsa kuti a banki m'khonde akubwera Lachisanu.